Majombo a Bambo Sambani

"Jekete iyi ipite kwa abambo ako aang'ono ku Phalombe. Ika apo."

Ndaziona analandira jeketeyo m'manja mwa azakhali ake, a Salome, n'kuiika pamulu wakumanzere. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda bambo ake, a Aloysius Namakhwa, ndipo zovala zawo zonse zinali pamkeka, pabalaza pa nyumba yawo ya ku Nancholi. Zovala za malemu amagawa ndi akuchimuna. A Salome, mlongo wawo wamkulu wa malemu, anali atamanga chitenje molimba kuti ntchito iyi yokha asawalande munthu.

Zina zonse anali atalandidwa kale. A Aloysius anamwalira ndi kolera, ndipo maliro a kolera amayendetsa ndi azaumoyo. Thupi analitsekera m'thumba la pulasitiki, kulipopera klorini, n'kukaliika tsiku lomwelo kumanda a m'tauni. Panalibe kusambitsa, panalibe kuona nkhope, panalibe kugona pasiwa. Ngakhale kuphikira olira analetsa.

"Munthu ndinamubereka kumsana ine," anatero a Salome akukutumula thalauza. "Kumuika chothamanga ngati galu wachiwewe! Alamu, inu munangoti duu, osawauza anthu aja kuti ali ndi abale?"

A Ursula, mkazi wa malemu, anali pakona atatambasula miyendo, korona wopempherera ali m'manja.

"Akanakhala kuti akuyankhula, eni ake akanalamula zomwezo, alamu," anayankha motsitsa.

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinkamuwawa kwambiri Ndaziona. Bambo ake anagwira ntchito pachipatala cha boma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zisanu ndi zinayi zomaliza anali oyang'anira chitetezo cha ogwira ntchito. Ankayendera mawodi kuona ngati majakisoni akutayidwa m'mabokosi ake, ngati okolopa ali ndi magolovesi, ngati a kochapira avala masiki. Ankakalipira dokotala ndi wokankha machira ndi mawu amodzimodzi. Pakhomo la ofesi yawo anakhoma kabokosi koti aliyense wobayidwa ndi singano kapena woterereka aponyemo kapepala kofotokoza ngoziyo, koma osalembapo dzina. Ankati ukafunsa kuti ndani, anthu amabisa, koma ukafunsa kuti chachitika n'chiyani, amaulula. Chipatala chonse chinkawatchula kuti Bambo Sambani. Kunyumba nakonso sikunali kothawira: ndowa ya mpopi inali pakhomo kalekale, mliri wa korona usanaphunzitse dziko kusamba m'manja, ndipo ngakhale bambo mfumu wa parishi anabwezedwapo pakhonde kuti akayambe asamba m'manja.

Ndiye munthu wotero kufa ndi kolera! Anthu a m'tauni saluma lilime pa nkhani ngati imeneyo. Dzulo lake, Ndaziona ali pa okala kugula sopo, anamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Aja ankatisambitsa aja, kani okha sankasamba." Anabwerera kunyumba sopo osagula.

Kunja kunamveka "odi", kenako mpopi wa ndowa ukutsegulidwa. Wosamba m'manja pakhomo lija osauzidwa anayenera kukhala wa kuchipatala. Analidi a Kenny, wachiwiri kwa malemu mu ofesi ya chitetezo, atakolekera chikwama cha mapepala m'khwapa. Anakhala pampando wapafupi ndi chitseko, napepesa aliyense payekhapayekha.

"Mayi, ndabwera ndi nkhani ziwiri," anayamba akuyang'ana a Ursula. "Wantchito akamwalira ndi matenda otengera pantchito, timalemba lipoti. Lachisanu tikaliwerenga pamsonkhano wa ogwira ntchito onse, kenako lipita kulikulu. Pafunika siginecha yanu yosonyeza kuti mwaliona. Yachiwiri ndi yaing'ono. Majombo a abwana, epuloni ndi magolovesi aakulu aja sitinazipeze mu loka mwawo. Ndi katundu wa boma, ndiye a kusitolo ya chipatala akufunsa."

"Zakuntchito sankabwera nazo kuno," anatero a Ursula. "Nda, werenga iwe. Maso anga atupa."

Ndaziona anawerenga. Tsamba loyamba linali la masiku ndi mayina a mankhwala, komanso kuti matenda a shuga amene malemu anali nawo anachititsa kuti thupi lifooke msanga. Patsamba lachiwiri chala chake chinaima. Anawerenga mokweza kuti onse amve:

"Malemu anaoneka akugwira ntchito mu tenti ya odwala kolera atavala nsapato za muofesi, opanda majombo, epuloni kapena magolovesi oyenera. Chomwe chinachititsa ngozi: kusatsatira malamulo a chitetezo."

Ndaziona anakweza maso n'kuyang'ana a Kenny.

"Mukawerenga zimenezi Lachisanu?" anafunsa Ndaziona. "Pamaso pa anthu onse amene bambo ankawakalipira?"

"Mlongo, ine tsiku limenelo kunalibe. Ndalemba zimene anandiuza manesi awiri amene anawaona akudutsa pakhomo la tenti."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, a Kenny. Mwagwira nawo ntchito zaka zingati? Munawaonapo atalowa ngakhale mokolopa opanda majombo?"

"Sindinawaonepo. Ndiye chikundisokoneza n'chomwecho. Koma lipoti silifuna zimene ndikuganiza ine, limafuna zimene anthu anaona."

"Sainani, alamu, munthuyu azipita," analowerera a Salome, maso ali pa zovala. "Madzi akatayika saoleka. Anali munthu, anatayirira. Kutayirira kwake komweko ndi kumene kwandimana ine nkhope yake."

Ndaziona anamva ukali ukukwera mpaka m'makutu. Ankafuna kuwayankha azakhali ake mawu oti sakanatha kuwabweza, koma anangopinda pepalalo n'kuliika pansi pa ntchafu yake.

"Sitisaina pano."

A Kenny anapukuta thukuta pamphumi. Anati ali ndi kofika ku Soche, adzeranso cha m'ma folo koloko, ndipo anatuluka mwakachetechete.

Ndaziona anasendera kufupi ndi mayi ake.

"Amayi, tsiku limenelo anabwera bwanji?"

A Ursula anasuntha kamkanda kamodzi ka korona.

"Linali tsiku la chimvula chija. Sanalowe m'nyumba. Anandiitana ali kuseri, kuti ndiwapatse madzi otentha, klorini ndi machesi. Nsapato anaziotcha okha ndi palafini. Ndiye ndinaona kuti mapazi ali opanda masokosi. Ndinati, bambo a Nda, masokosi mwasiya kuti? Anati atsala kuntchito. Basi."

"Osafunsanso?"

"Bambo ako ukawafunsa kachiwiri ankayamba kukuphunzitsa kusamba m'manja."

Dzuwa litapendeka pang'ono, Ndaziona anatuluka kukathira madzi mu ndowa ya pakhomo. Pageti panaima mayi wachitsikana wovala mpango wophimba mutu ndi khosi, atanyamula thumba la saka. Ankaoneka kuti waimapo nthawi yaitali, ndipo phazi limodzi linali litaloza kale kobwerera.

"Pano ndi pa Bambo Sambani?" anafunsa, kenako anagwira pakamwa. "Pepani, ndimati a Namakhwa."

"Ndi pompano. Lowani."

Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, navula masofiya ake, tinsapato tapulasitiki, pakhonde, n'kukagwada kumapeto kwa mkeka. Anati dzina lake ndi Aminatu, amakhala ku Limbe, ndipo amakolopa mu tenti ya kolera. Atatha kupepesa anamasula thumba lija. Anatulutsa epuloni yobiriwira yopindidwa bwino, magolovesi ofika m'zigongono, kenako majombo akuda awiri. Pa lililonse panalembedwa ndi penti yoyera kuti A. N. Fungo la klorini linadzaza pabalaza.

"Musaope, ndazinyika katatu," anatero. "Ndazisunga masiku onsewa. Sindikugona nazo tulo."

A Salome anasiya shati imene ankapinda.

"Iwe, zinthu za achimwene anga zapezeka bwanji kwa iwe?"

Aminatu anayankhula akuyang'ana mkeka. Iye ndi anzake analembedwa ntchito ya miyezi itatu mliri utavuta. Tsiku lowalemba anawasainitsa pepala lakuti alandira majombo, epuloni ndi magolovesi, n'kuwauza kuti katunduyo ali m'njira. Katundu sanafike. Ankabwerekana za amene aweruka, ndipo zikasowa ankalowa ndi masofiya omwewo.

"Tsiku la chimvula lija ngalande inasefukira, madzi analowa mu tenti. Mabedi a kolera ndi obooka pakati, pansi pamakhala ndowa. Ndowa zinayamba kuyandama. Mnzanga anali atadwala, ndinali ndekha, madzi ali mu akakolo. Abwana anafika poyendera. Anakuwa kuti, tuluka! Ine ndinati, abwana, ndikatuluka anena kuti ndathawa ntchito, komanso ndowazi zikagubuduka madziwa apita kumawodi ena. Ntchito yake inali yosatheka munthu mmodzi. Anandiyang'ana kumapazi. Kenako anandiyang'ana apa."

Anaika dzanja pamimba. Ndaziona anaona tsopano chimene chovala chake chotaya chinkabisa.

"Miyezi isanu," anatero Aminatu. "Kuntchito sindinanene, angandisiyitse. Koma iwo anali ndi maso. Anavula zonse pakhomo pomwepo n'kundiveka. Iwo anabwerera mu nsapato za muofesi, n'kuvala timagolovesi topyapyala tija. Tinatuta ndowa maola atatu. Timagolovesito tinang'ambika kawiri, ndinaona ndi maso anga. Pomaliza anati, usauze munthu. Ine sangandichotse, iwe angakuchotse."

A Ursula anali atatseka maso, misozi ikutsika yokha.

"Sabata yamawa akuonjezera makontilakiti," anapitiriza Aminatu. "Ndikanena kuti ndinalibe majombo, atulutsa pepala lija ndinasaina, anena kuti ndinagulitsa. Ndili ndi ana awiri, wachitatu ndi uyu. Koma ndamva zimene anthu akuyankhula m'makhonde, kuti Bambo Sambani anafa ndi uve. Wallahi, zikundidya mumtima. Mukati ndikanene, ndikanena."

Ndaziona anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali itadutsa hafu pasiti fili. Mumtima mwake ankafuna chinthu chimodzi chokha: kumugwira dzanja mayiyu, kumuimika pamaso pa a Kenny, pamaso pa chipatala chonse, pamaso pa mayi wa pa okala uja, kuti anene mokweza. Ankamukwiyiranso, ndipo ankadziwa kuti mkwiyowo ndi wopanda chilungamo. Mayiyu anali moyo, bambo ake ali m'dothi.

"Mukanena Lachisanu," anatero. "Pamaso pa onse."

Aminatu anagwedeza mutu kuvomera.

"Nda," anaitana a Ursula.

"Amayi, dzina la bambo! Ndi chokhacho chimene atisiyira. Tilole kuti liwerengedwe ngati la munthu wauve?"

"Sindinati tilole. Koma taganiza, mwanawe. Anavula majombo kuti mayiyu asafe, n'kutseka pakamwa kuti asachotsedwe. Iwe ukufuna uwavule ntchito imene anafera, kuti uwaveke dzina?"

"Ndiye tingokhala chete? Anzake a mayiyu azilowabe ndi masofiya?"

"Bambo ako sanakhalepo chete pa ngozi. Koma unamvapo atatchula munthu?"

Ndaziona anakhala akuyang'ana majombo aja. Anakumbukira kabokosi ka pakhomo la ofesi, kamene anathandiza kupaka penti ali fomu thuu, bambo ake atamuimirira kumbuyo kuti asaiwale kulemba mawu apansi aja akuti OSALEMBA DZINA. Anatulutsa pepala lija pansi pa ntchafu n'kuliwongola pabondo.

Kunja kunamveka mpopi wa ndowa. A Salome anadzuka msanga kuposa mmene msinkhu wawo unkalolera. Anatola majombo, epuloni ndi magolovesi, n'kumukoka Aminatu pamkono.

"Tiye kukhitchini, iwe. Usatsokomole."

A Kenny anapeza Ndaziona akulemba. Anali atadula mzere pa mawu akuti "kusatsatira malamulo a chitetezo", ndipo pansi pake analemba ndi zilembo zikuluzikulu. Atatha anawapatsira pepalalo. A Kenny anawerenga chapansipansi:

"Tsiku limenelo mu tenti munali anthu awiri, koma majombo, epuloni ndi magolovesi zinali za munthu mmodzi. Malemu anapatsa mnzawo. Chomwe chinachititsa ngozi: ogwira ntchito amasainira katundu amene sanalandire."

Anakweza maso.

"Mnzawo wake ndani?"

"Kabokosi ka bambo kankafunsa dzina?"

"Mlongo, ili si kabokosi. Ndi lipoti lopita kulikulu. Komanso ndikhoza kungoyang'ana pa ndandanda ya tsiku limenelo, ndidziwa."

"Mukhoza."

A Kenny anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi kwa nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale.

"Mukudziwa kuti pa pepala la kusitolo lija pali siginecha yanganso?" anatero. "Anati tisaine kuti anthu ayambe ntchito, katundu abwera. Ndinasaina. Abwana anakana. Mzere mwalembawu ukafika kulikulu, woyamba kufunsidwa ndine."

Kukhitchini kunagwa chivundikiro cha poto, ndipo a Kenny anayang'ana chitseko chake, kenako anayang'ana masofiya amene anali pakhonde. Sanafunse kuti ndi a yani.

"Chaka changa choyamba ndinabayidwa ndi singano ya wodwala," anatero mawu atatsika. "Ndinabisa tsiku lathunthu, kuopa kuti anena kuti ndine wosasamala. Madzulo ndinaponya kapepala m'kabokosi kaja. M'mawa kusanache bwino anali atandipeza, anazindikira kalembedwe. Anandiperekeza okha kukayamba mankhwala oteteza, ndipo mwezi wonse ankandifunsa ngati ndamwa. M'lipoti analemba kuti bokosi la majakisoni linadzaza mopitirira. Dzina langa mulibe mpaka lero."

Anavalanso magalasi.

"Mu kabati mwawo muli makalata atatu amene analemba opempha majombo a anthu aganyu. Ndiwamata kumbuyo kwa lipotili. Lachisanu ndiwerenga mmene mwalemberamu. Ndandanda ija sindiyang'ana, ndipo wondifunsa ndimuuza kuti ofesi yathu sifunsa mayina. Mayi, sainani apa."

A Ursula anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

"Nanga za katundu uja, a kusitolo ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti ndagawa," anatero a Salome ataima pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno. "Zovala za malemu ndimagawa ndine. Boma likawafuna majombo akewo libwere ku Phalombe, lidzafunse Salome. Ndikalilandira."

A Kenny anatsala pang'ono kumwetulira. Anatsanzika, ndipo potuluka anasambanso m'manja ngakhale sanagwire kanthu koma pepala.

Geti litatsekeka, a Salome anatulutsa Aminatu n'kumukhazika pampando umene panali a Kenny. Anaika majombo aja patsogolo pake.

"Awa ndi ako. Wamva? Si a boma, si a chipatala. Ndakupatsa ine, mlongo wake." Anayerekeza jombo limodzi ndi phazi la Aminatu n'kupukusa mutu. "Koma abale, timapazi timeneti m'mabwato awa? Unkayenda bwanji osagwa?"

"Muli zinthu m'kati, mayi. Ndinachapa n'kubwezeramo mmene anaikira."

Ndaziona analowetsa mkono mu jombo limodzi mpaka kuzala. Anatulutsa sokosi yabulauni yokulungidwa ngati kampira. Mu linzake munalinso ina. Ataitambasula, pachidendene panaoneka chigamba cha ulusi wabuluu, chosokedwa ndi dzanja la mayi ake.

"Anavula ataimirira mwendo umodzi, mvula ikuwakwapula," anatero Aminatu. "Anati jombo lalikulu limagwetsa pamatope, ndipo munthu wa pakati sayenera kugwa."

A Salome analanda masokosi aja m'manja mwa Ndaziona. Anawayang'ana, kenako anawaika kumaso. Ankanunkha klorini, fungo limene mlongo wawo ankabwera nalo ku Phalombe Khirisimasi iliyonse, iwo n'kumamuseka kuti akununkha chipatala. Chifikireni m'tauni anali atakalipa, atadandaula, ataloza anthu zala, koma sanalire. Tsopano analira, mapewa akugwedezeka, akuitana dzina limene ankamutchula ali mwana. A Ursula anasendera n'kuwagwira pamsana, ndipo palibe anawaletsa.

Atatonthola anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Ndaziona ankayesa kuti masokosiwo awamanga pachitenje kuti apite nawo kumudzi, ndipo palibe akanawatsutsa. Koma a Salome anagwada pansi, mawondo akulira. Anakulunga sokosi imodzi, naikankhira kuzala za jombo, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi inzake. Kenako anagwira phazi la Aminatu n'kulilowetsa okha.

"Taimirira," anatero. "Ponda tione ngati sakugwedera."